Nyundo ya Enoch

M'Chingerezi muli dzina lina lotonzera munthu amene safuna kumva za zipangizo zatsopano. Mkulu wokana foni ya m'manja, mlembi wokakamira taipi pamene anzake adasamukira kale pa kompyuta, onsewa amatchedwa ma Luddite. Wotchula dzinali amafuna timve kuti munthuyo ndi mbuli yotsalira, yofuna kutseka mtsinje ndi zikhatho. Koma dzinali lidali la anthu enieni, oluka masokosi ndi okonza nsalu a ku England amene pakati pa 1811 ndi 1816 ankayenda usiku ndi nyundo kuswa makina a mabwana awo. Ena mwa iwo adanyongedwa, ena adawapitikitsira ku Australia, ndipo otsala adasiyiridwa dzina loti anthu aziseka nalo.

Miyezi yapitayi ndakhala ndikuwerenga mabuku atatu okamba za anthu amenewa. Loyamba ndi chibuku cha E. P. Thompson, The Making of the English Working Class, cha mu 1963, cha masamba oposa 800, chofunika kuchiwerenga modekha ngati mmene timadyera nsomba ya minga. Lachiwiri ndi Blood in the Machine la mtolankhani wa ku America, Brian Merchant, la mu 2023. Lachitatu, lotuluka chaka chomwecho, ndi Power and Progress la akatswiri a zachuma Daron Acemoglu ndi Simon Johnson, amene mu 2024 adalandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi mnzawo James Robinson. Thompson adalemba ndi mkwiyo wa munthu woikira kumbuyo akufa amene akunamiziridwa. Merchant amasimba za 1812 koma mtima wake uli pa makampani a intaneti. Acemoglu ndi Johnson amabwera ndi masamu. Nditatseka mabuku onsewa, chimene chidatsala mumtima mwanga si nyundo ayi, koma mapepala, madandaulo olembedwa bwinobwino amene anthuwa adayamba atumiza ku Nyumba ya Malamulo kwa zaka zambiri asadanyamule nyundozo.

Tiyambire ku Nottingham, pakati pa dziko la England, kumene moto udabukira. Pa 11 Malichi 1811 oluka masokosi adasonkhana pamsika wa mumzindawo kudandaula za malipiro. Asilikali atawabalalitsa, iwo adalowera kumudzi wa Arnold ndipo usiku womwewo adaswa makina olukira pafupifupi 60. Pofika Febuluwale 1812 makina ngati 1,000 adali ataphwanyidwa m'chigawocho. Apa ndi pamene wowerenga amayamba kudabwa, chifukwa makina amenewa sadali achilendo. Adawapanga William Lee mu 1589, ndiye kuti adali atagwira ntchito zaka zoposa 200, ndipo oswawo adakulira pa makina omwewo monganso atate awo ndi agogo awo. Tsono chidawakwiyitsa nchiyani?

Woluka ankagwirira ntchito kunyumba kwake, koma kawirikawiri makinawo sadali ake. Adali a wamalonda amene ankamupatsa ulusi ndi kudzatenga masokosi, ndipo sabata iliyonse wamalondayo ankadula lendi ya makina pa malipiro, kaya ntchito idalipo yambiri kaya yochepa. Amene adayendetsapo njinga yamoto ya kabaza ya mwini wake, nkumadzuka m'mawa ali kale ndi ngongole yokapereka madzulo, safunika womufotokozera. Amalonda ena ankalipira ndi katundu wa m'sitolo mwawo m'malo mwa ndalama, pa mtengo wodziikira okha. Ena ankalemba anyamata osatsiriza zaka 7 zophunzira ntchito kuti aziwalipira zochepa. Choipitsitsa pamaso pa oluka chidali ichi: m'malo moluka sokosi motsata mwendo monga luso linkafunira, amalonda ena adayamba kulukitsa chinsalu chachikulu pa makina otambalala, nkuchidula ndi sizasi, nkusoka zidutswazo. Masokosi otere adali otchipa, koma sankachedwa kuphwasuka m'misoko, ndipo ankaipitsa mbiri ya ntchito yonse. Nchifukwa chake oswa aja ankasankha. Ankalowa m'nyumba, nkuphwanya makina a bwana wodula malipiro, a bwana wolipira mtengo wogwirizana nkuwasiya ali chiimire pambali pomwepo.

Makalata oopseza amene ankafika kwa mabwana ankasainidwa ndi General Ludd, pena King Ludd, ndipo ena ankati achokera m'nkhalango ya Sherwood, kwawo kwa Robin Hood. Mphekesera inkati Ned Ludd adali mnyamata wophunzira kuluka wa kufupi ndi Leicester amene adaswa makina atapsa mtima cha m'ma 1779. Boma lidamusakasaka mtsogoleriyu osamupeza, pakuti adali dzina chabe, chigoba choti aliyense nkuvala. Ife akuno sitingavutike kumvetsa mphamvu ya wovala chigoba, amene mudzi wonse ukumudziwa koma palibe angamutchule dzina.

Kumpoto, ku Yorkshire, nkhani idali ya ometa nsalu. Nsalu ya ubweya wa nkhosa ikachoka kwa woomba imakhala yokhakhala. Ntchito ya wometa idali kuutsa cheya chake ndi mitu ya minga ya chomera china, kenako nkuchimeta mosalala ndi chisizasi cholemera makilogalamu ngati 20. Dzanja likaterereka pang'ono, nsalu yonse yatsika mtengo. Choncho ometa ankalandira bwino kuposa anzawo ambiri a ntchito za nsalu, ndipo ankayenda modzimva. Makina a mitundu iwiri ndiwo adawaopseza, ena outsa cheya, ena ometa, amene munthu mmodzi ankatha kumaliza nawo ntchito ya amuna angapo. Kumeneku makina adalidi olanda ntchito. Koma taonani zimene ometawo adayamba kuchita.

Padali lamulo lakalekale, la m'nthawi ya Mfumu Edward VI m'zaka za m'ma 1550, loletsa makina outsa cheya, ndi lina la m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth I lakuti munthu asagwire ntchito yaluso asadaiphunzire zaka 7. Ometa adasonkha ndalama, adalemba maloya, adatuma nthumwi ku London kukapempha kuti malamulowa agwire ntchito. Thompson akufotokoza kuti padamvekanso maganizo akuti makinawo abwere pang'onopang'ono, ochotsedwa azipezeredwa ntchito zina, kapena kuti yadi iliyonse ya nsalu yokonzedwa ndi makina izikhomeredwa msonkho wa makobiri 6, ndalamazo zizithandiza osowa ntchito. Masiku ano akatswiri amakhala m'misonkhano ya m'mahotela kukambirana ngati maloboti ayenera kukhomeredwa msonkho, nkumayesa kuti akunena zatsopano. Nanga Nyumba ya Malamulo idayankha bwanji? Kuyambira mu 1803 inkaimitsa malamulo akale aja chaka ndi chaka. Mu 1806 idakhazikitsa komiti imene idapanikiza mboni za antchito ngati kuti ndi zigawenga. Mu 1809 idangowafafaniza malamulowo.

Khomo lina lidali litatsekedwa kale. Malamulo a mu 1799 ndi 1800 ankaletsa antchito kupanga mabungwe okambirana za malipiro, ndipo wopezeka akuchita zimenezi ankatha kukhala m'ndende miyezi itatu. Kuvota kudali kwa amuna ochepa achuma. Mizinda ikuluikulu ya mafakitale ngati Manchester ndi Leeds idalibe ndi phungu wakewake yemwe mpaka mu 1832. Pamwamba pa izi padagwa nkhondo ndi njala. Britain idali pa nkhondo ndi Napoleon wa ku France, mbali ziwirizi zikutsekerezana malonda a panyanja, ndipo mu 1811 America nayo idatseka msika wake. Nsalu zidaunjikana zopanda wogula. Zokolola zidavuta zaka zingapo zotsatizana, kotero kuti mu 1812 mtengo wa tirigu udakwera koopsa. Munthu amene mwamulanda lamulo, mwamuletsa bungwe, alibe voti, ana akulira ndi njala, watsala ndi chiyani m'manja? Eric Hobsbawm adalemba kale mu 1952 kuti kuswa makina kudali njira yokambirana malipiro ya anthu oletsedwa njira zina zonse, ndipo ine sindikuona pomutsutsira.

Boma lidayankha ndi chingwe. Kumayambiriro kwa 1812 lidabweretsa bilu yoti woswa makina olukira azinyongedwa. M'nyumba yachiwiri ya malamulo, ya House of Lords, mlakatuli Lord Byron, wa zaka 24, amene kwawo kudali kufupi ndi Nottingham, adaimirira pa 27 Febuluwale kuyankhula koyamba m'nyumbamo. Adatsutsa biluyo, nafotokoza umphawi umene adauona ndi maso ake. Adamumvetsera, ena adayamikira kuthwa kwa lilime lake, kenako biluyo idadutsa. Ife olemba tiziidziwa nkhani imeneyi, kuti tisamadzinamize za mphamvu ya mawu okoma pamaso pa anthu amene adagwirizana kale. Miyezi yomweyo woluka wina wa ku Nottingham, Gravener Henson, adasonkhanitsa masiginecha ndi ndalama nkupita ku London ndi bilu yoletsa katundu wodula uja ndi kulipira antchito ndi za m'sitolo. Aphungu adaibudula mpaka kutsala mafupa, ndipo mu Julaye a House of Lords adataya ndi mafupa omwe. Bilu yopha idadutsa m'masabata ochepa, yoteteza idafera panjira. Asilikali pafupifupi 12,000 adatumizidwa m'zigawo za chipolowe, kuposa amene Wellington adapita nawo ku Portugal mu 1808 kukamenyana ndi asilikali a Napoleon.

Nyundo zikuluzikulu zimene ometa a ku Yorkshire ankaswera makina ankazitcha Enoch, dzina la Enoch Taylor, wosula zitsulo wa ku Marsden. Mkuluyu ndi m'bale wake ankasula nyundozo, ndipo ndi iwo omwenso ankapanga makina ometera. Choswa ndi choswedwa zinkatuluka m'chipala chimodzi.

Usiku wa pa 11 Epulo 1812 amuna oposa 100, ambiri atadzipaka zakuda kumaso, adasonkhana m'munda wina kufupi ndi Huddersfield nkuguba kupita ku fakitale ya William Cartwright ku Rawfolds. Cartwright ankawayembekeza. Adali akugona m'fakitalemo ndi antchito ake ochepa komanso asilikali asanu, zitseko atazilimbitsa ndi zitsulo, pamakwerero ataikapo mbiya ya asidi. Nyundo zidalephera kugwetsa chitseko, mfuti zidalira kuchokera m'kati kwa mphindi ngati 20, ndipo gululo lidabalalika kusiya anyamata awiri, Samuel Hartley ndi John Booth, atavulala kwambiri. Onse adafa osatchula dzina la mnzawo ndi mmodzi yemwe. Nkhani imene anthu akumeneko adasunga imati Booth, wa zaka 19, ali pafupi kutsirizika, adakodola m'busa amene ankamuumiriza kuulula, nkumufunsa ngati amatha kusunga chinsinsi. M'busayo atavomera mwachangu, mnyamatayo adamuuza kuti nayenso amatha. Msilikali mmodzi mwa asanu aja adakana kuwombera. Adamuweruza kuti akwapulidwe zikoti 300, ndipo adalandira 25 Cartwright asadamupepesere.

Pa 28 Epulo mwini fakitale wina, William Horsfall, amene ankadzitama kuti adzayendetsa hatchi yake m'magazi a anthu a Ludd, adawomberedwa pamsewu akuchokera kumsika wa nsalu ku Huddersfield, ndipo adafa patapita masiku awiri. Padalengezedwa mphoto ya mapaundi 2,000, ndalama zimene wometa sakadazipeza ngakhale atagwira ntchito zaka 20. Komabe kwa miyezi pafupifupi 6, m'chaka cha njala, palibe adatsegula pakamwa. Mu Okutobala mmodzi mwa anayi amene adachita chiwembucho, Benjamin Walker, adaulula. George Mellor, William Thorpe ndi Thomas Smith adanyongedwa ku York pa 8 Januwale 1813, ndipo pa 16 Januwale adanyonganso ena 14, asanu chifukwa cha Rawfolds, otsalawo chifukwa cholanda mfuti ndi katundu m'nyumba za anthu usiku. Ku Lancashire, kumene oomba nsalu za thonje adatentha fakitale ku Westhoughton, adali atanyonga kale anthu 8 mu Juni 1812, mmodzi ali mnyamata wosapitirira zaka 16.

Kodi mantha awo adali opanda pake? Ziwerengero zimene ometa adapereka mu 1817 zikuyankha. Pakati pa 1806 ndi 1817 makina outsa cheya ku Yorkshire adachoka pa 5 kufika pa 72, masizasi oyendetsedwa ndi makina adachoka pa 100 kufika pa 1,462, ndipo mwa ometa 3,378, okwana 1,170 adalibiretu ntchito pamene 1,445 ankangogwira mwa apo ndi apo. Adapempha boma kuti liwathandize kusamukira kumaiko ena, koma lidakana. Oomba nsalu za thonje ndi manja, amene adalipo ngati 240,000 m'zaka za m'ma 1820, adafa imfa ya pang'onopang'ono. Munthu amene cha m'ma 1805 ankapeza masheleni oposa 20 pa sabata, pofika 1830 ankapeza ngati 6, pamene makina oombera a nthunzi adachoka pa 2,400 mu 1813 kufika pa 100,000 mu 1833. M'mafakitale atsopanowo ankakonda kulemba amayi ndi ana. Merchant akutsata moyo wa Robert Blincoe, mwana wamasiye amene adatengedwa ku London mu 1799 ali ndi zaka 7 kupita ku fakitale ya thonje kufupi ndi Nottingham, ndipo masamba amenewo ndidawawerenga mopumira. Ngakhale David Ricardo, mmodzi mwa makolo a maphunziro a zachuma, mu 1821 adawonjezera mutu m'buku lake kuvomera kuti makina angathe kulemeretsa dziko uku akusaukitsa antchito. Wamisala adaona nkhondo.

Yankho la ophunzira limakhala lakuti pamapeto pake onse adapindula, ndipo nzoona kuti mdzukulu wa wometa adadzavala ndi kudya bwino kuposa agogo ake. Koma mapeto amenewo adafika liti, ndipo adabwera nawo ndani? Katswiri wa mbiri ya zachuma Robert Allen adawerengetsa mu 2009 kuti pakati pa 1780 ndi 1840 katundu wotulutsidwa ndi wantchito mmodzi ku Britain adachuluka ndi 46 peresenti, pamene malipiro ake enieni adakwera ndi 12 peresenti yokha. Ndi pakati pa 1840 ndi 1900 pamene zidatembenuka, katundu nkuchuluka ndi 90 peresenti, malipiro ndi 123 peresenti. Zaka 60 zodikira, m'dziko limene mwana wobadwira ku Manchester kapena ku Liverpool m'zaka za m'ma 1840 ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosakwana 30.

Mfundo ya Acemoglu ndi Johnson ndi yakuti phindu la makina silitsikira lokha kwa anthu wamba ngati madzi a pamtsetse. Limatsika makinawo akatsegula ntchito zatsopano zofuna anthu, monga idachitira njanji, ndiponso antchito akakhala ndi mphamvu zoitanitsa gawo lawo. Mphamvuzo zidabwera mochita kulimbirana. Lamulo loletsa mabungwe lidachotsedwa mu 1824. Mu 1833 ana osakwana zaka 9 adaletsedwa m'mafakitale ambiri a nsalu, ndipo padaikidwa oyendera, anayi okha dziko lonse. Mu 1847 amayi ndi achinyamata adawachepetsera ntchito kufika maola 10 pa tsiku. Amuna ambiri apantchito a m'mizinda adayamba kuvota mu 1867, mabungwe awo nkuzindikiridwa ndi lamulo mu 1871. Mukaika mndandanda umenewu pambali pa madandaulo a ometa ndi oluka, mupeza kuti dziko lidadzapereka kwa adzukulu zambiri mwa zimene lidakaniza agogo.

Sindikufuna kuwasandutsa angelo anthuwa, ndipo apa ndimasiyana pang'ono ndi Merchant, amene amawakonda mopitirira. Horsfall adali ndi pakamwa poipa, koma adamuwombera atamubisalira panjira, ndipo kumeneko nkupha munthu, kulibe dzina lina. Ometa ankateteza ntchito ya amuna ochepa olandira bwino, ndipo lamulo la zaka 7 limene ankalilirira lidalinso mpanda wotsekera kunja amphawi anzawo. Nsalu yotchipa nayo si chinthu chonyoza. Amene adavalapo chigamba pa chigamba amadziwa. Ndiponso si makina onse amene amabwera ngati mdani. Chigayo chitafika m'midzi mwathu, sitidamve kuti amayi adachilondola usiku ndi minsi kukachiswa. Chidawalanda ntchito ya pamtondo, inde, koma idali ntchito yopanda malipiro, ndipo nthawi yopulumukayo idatsala m'manja mwa mayi mwiniyo, ufa nkubwerera kunyumba kwake. Makina ometera adapulumutsanso nthawi, koma phindu lake lidalowa m'thumba la Cartwright, wometa nkubwerera kunyumba chimanjamanja.

Pali mbali ina imene wowerenga wakuno sangailumphe. Thonje la m'mafakitale a ku Lancashire silinkamera ku England. Lambiri linkachokera kum'mwera kwa America, kumene makina a Eli Whitney ochotsa njere, a mu 1793, adachititsa ulimi wa thonje kukhala wopindulitsa kwambiri. Akapolo m'dzikolo adachuluka kuchoka pa 700,000 mu 1790 kufika pafupifupi 4 miliyoni mu 1860. Makina amene adapeputsa ntchito yochotsa njere adachulukitsa chikoti m'minda. Ulusi womwewo wa thonje ndi umene udadzafika kuno kwathu.

Pa 19 Malichi 1813, patangopita miyezi iwiri chinyongedwere anthu aja ku York, m'nyumba za antchito a fakitale ya thonje ku Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde ku Scotland, mudabadwa David Livingstone. Ali ndi zaka 10 adalowa m'fakitalemo, ntchito yake yolumikiza ulusi woduka pa makina opota, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku, sukulu nkukalowa pambuyo pake. Mzinda wathu wa Blantyre, kumene mishoni idakhazikika mu 1876, udatenga dzina la mudzi wa fakitale umenewo. Atafika m'chigwa cha Shire mu 1859, mwana wa m'fakitaleyu adapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ndi kuomba nsalu m'midzi yambiri, ndipo adaona msanga chimene Lancashire ikadakondwa nacho, thonje losalimidwa ndi akapolo. Cholinga chake chothetsa ukapolo kudzera m'malonda sindichikayikira. Koma m'malingaliro amenewo Mmang'anja adali mlimi wa thonje ndi wogula nsalu. Woomba adalibemo malo.

Elias Mandala, katswiri wa mbiri wakuno kwathu, m'buku lake la mu 1990 lonena za ntchito ndi ulamuliro m'chigwa cha Tchiri, akusonyeza mmene maluso ngati kuomba nsalu ndi kusula zitsulo adafookera pambuyo pa nkhondo za ukapolo, njala ya mu 1862 ndi 1863, ndi kubwera kwa katundu wakunja, mpaka ambiri adatsala ndi khasu lokha. Bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa mu 1902 ndi amalonda a ku Lancashire, lidadzafika kudzagula thonje losapota, msonkho wa nyumba nkumakankha alimi kuti alime. Fakitale yaikulu yoomba nsalu, ya David Whitehead and Sons, kampani ya ku Lancashire komweko, idatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, patapita zaka zoposa 100 chidutsire Livingstone, ndipo idagulitsidwa mu 2003 itafooka, kaunjika atadzaza m'misika. Woomba wa ku Tchiri sapezeka m'masamba a Thompson kapena a Merchant. Iyeyu adalibe Nyumba ya Malamulo yoti ikamukane, adalibe Byron, ndipo makina amene adamulanda ntchito adali kutsidya la nyanja kumene nyundo yake sikadafika. Adangoona merikani ndi biriwita zikufika pamitu ya amtengatenga.

Merchant adalemba buku lake poona oyendetsa magalimoto a Uber, amene galimoto ndi mafuta nzawo koma mtengo wa ulendo amawaikira ndi pulogalamu ya pafoni. Khoti lalikulu la ku Britain lidagamula mu Febuluwale 2021 kuti oyendetsawa ndi antchito, oyenera malipiro ovomerezeka ndi lamulo komanso tchuthi cholipidwa, patatha zaka zoposa zinayi khoti loyamba litanena zomwezo mu 2016. Tsopano makina afika pakhomo pa ife olemba. Mapulogalamu a AI monga ChatGPT, imene idatulukira poyera mu Novembala 2022, amalemba nkhani, ndakatulo ndi zomasulira ataphunzira pa zolemba za anthu amene ambiri sadafunsidwe. Zambiri zimene amatulutsa zimandikumbutsa masokosi odula a ku Nottingham, ooneka bwino pamsika, ophwasuka m'misoko. Koma otchipa adagulidwa ndithu, ndipo ichi ndicho chimandisowetsa mtendere.

Olemba mafilimu a ku America, a bungwe la Writers Guild of America, adanyanyala ntchito masiku 148 mu 2023. Sadapemphe kuti makinawo athetsedwe. Adapambana mfundo zakuti AI isatengedwe ngati mlembi, kuti kampani isaumirize wolemba kuigwiritsa ntchito, ndi kuti iziulula ngati zimene yamupatsa kuti akonze zidalembedwa ndi makina. Imeneyi ndi bilu ya Gravener Henson yochedwa ndi zaka 211, ndipo idatheka chifukwa iwo adali ndi chimene Henson adaletsedwa, bungwe lovomerezeka ndi lamulo la mamembala oposa 11,000.

Mbali ya Africa pa nkhaniyi idaonekera ku Nairobi. Mu Januwale 2023 magazini ya Time idaulula kuti achinyamata a ku Kenya, olembedwa ndi kampani ya Sama, adali atagwira ntchito yowerenga ndi kuika zizindikiro pa nkhani zonyansa za nkhanza ndi kugwiririra kuti ChatGPT iphunzire kuzipewa, ndipo ankalandira ndalama zosapitirira madola awiri pa ola. Monga zidalili ndi thonje, ntchito yolemetsa idagwiridwa kuno, makina ndi eni ake ali kutsidya la nyanja. Pa 1 Meyi 2023 antchito otere oposa 150, amene ankagwirira ntchito Facebook, TikTok ndi ChatGPT kudzera m'makampani ena, adakumana mumzindawo nkuvota kuti akhazikitse bungwe lawo, African Content Moderators Union. M'mawa mwake, pa 2 Meyi, ndi pamene olemba a ku Hollywood adaika zolembera pansi.